Mvumbi ndi Chimvula: Munthu wa Shuga Adye Bwanji pa Khirisimasi ku Bindura

Aliyense amene analimako kamunda kuseri kwa komboni ya Trojan, kapena m'mbali mwa msewu wochoka ku Bindura kupita ku Shamva, amadziwa kuti mvula imasiyana kagwedwe. Pali mvumbi umene umayamba m'mamawa n'kumangowaza mpaka madzulo. Ukapita kumunda mawa lake, khasu limalowa lokha ndipo chinyontho chimakhala chitafika pansi. Ndiye pali chimvula cha masana cha mu Disembala, chobwera ndi mabingu ndi ziphaliwali, chimene chimakhuthula pa theka la ola madzi amene mvumbi ukanagwetsa tsiku lathunthu. Ndowa imene munatchera pakhonde ikhoza kudzaza chimodzimodzi, koma chimvulachi nthaka siichimwa. Madzi amathamanga pamwamba, amagumula mizere, amakokolola feteleza, n'kusiya chigwembe pakati pa munda.

Munthu wa matenda a shuga, ndiponso amene amamuphikira, akamvetsa kusiyana kumeneku ndiye kuti wamvetsa zambiri za kadyedwe ka nyengo ya zikondwerero.

Chakudya chilichonse chokhutitsa, kaya ndi nsima, mpunga, buledi, mbatata kapena makaroni, chikagayika m'mimba chimasanduka shuga n'kulowa m'magazi. Shugayo ndiye mvula imene thupi limadalira: ubongo umayendera iye, minofu imakokera mphamvu kwa iye. Koma kuti achoke m'magazi n'kulowa m'minofu pamafunika insulini, imene imapangidwa ndi kapamba, chiwalo chimene chili kuseri kwa chifu. Anthu oposa 9 pa 10 alionse odwala shuga ali ndi mtundu wachiwiri wa matendawa. Mwa iwo insulini ilipo ndithu, koma thupi siliimvera bwino, ndipo pakapita zaka kapambayo amatopa. Nthaka yauma gwa; imamwabe madzi, koma pang'onopang'ono. Mtundu woyamba, umene kawirikawiri umayamba munthu ali mwana kapena wachinyamata, ndi wosiyana: thupi silipanganso insulini, ndipo jakisoni wa tsiku ndi tsiku ndiye moyo wake.

Madzi amene nthaka yalephera kumwa sasowa kolowera. Anthu ambiri odwala shuga amalangizidwa kuti kachipangizo koyezera shuga kazionetsa pakati pa 4 ndi 7 m'mawa asanadye, ndipo kasamapitirire 10 pakatha maola awiri atadya. Shuga akadutsa cha pa 10 pomwepo, impso zimayamba kumutayira mu mkodzo, ndipo iye amakoka madzi potuluka. N'chifukwa chake munthu amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, kukhosi kuli gwa, maso akuona mwachimbuuzi. Zigwembe zenizeni zimakumbika mwakachetechete m'timitsempha ting'onoting'ono ta m'maso, ta mu impso ndi ta kumapazi, ndiponso m'mitsempha ikuluikulu yopita kumtima ndi kuubongo. Tsiku limodzi lodya mopitiriza silichititsa munthu khungu. Vuto n'lakuti ku Zimbabwe chikondwerero si cha tsiku limodzi. Chimayamba bonasi ikangolowa, chimadutsa pa Unity Day pa 22 Disembala, pa 25 ndi pa 26, mpaka Nyuwere, ndipo pakatipo pali maukwati, ziliza, gule kubwalo, ndi abale ochokera ku Harare ndi ku Joni amene aliyense amafika ndi jumbo m'manja.

Sindigwirizana nawo amene amaganiza kuti yankho lake ndi kuika agogo pambali ndi kambale ka kabichi wowiritsa, ena onse akunyambita zala. Tauni ino inayamba ndi mgodi wa golide wa Kimberley Reefs mu 1901, n'kudzatchedwa Bindura mu 1913 njanji itafika. Ambiri mwa amene anakumba migodi ya chigawo chino ndi kulima m'mafamu a m'chigwa cha Mazowe anali amuna ochokera ku Nyasaland, Northern Rhodesia ndi Mozambique, ena oyenda pansi kudutsa ku Tete, ena odzabwera pambuyo pake kudzera ku bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Charles van Onselen, m'buku lake la mu 1976 lotchedwa Chibaro, anafotokoza mmene phoso la m'makomboni a migodi m'zaka zoyambirira linalili: ufa wokhawokha pafupifupi, nyama ndi masamba zochepa, mpaka amuna ambiri ankadwala nthenda yotupitsa nkhama ndi kugwedeza mano. M'mabanja amene anachokera mu umphawi wotero, mpunga wa nkhuku ndi buledi wopaka jamu pa Khirisimasi ndi umboni wakuti thukuta la bambo lapindula. Kumuchotsa munthu pa tebulo limenelo ndi kumulanda ulemu. Akhale pomwepo, adye ndi anzake. Chofunika kusintha ndi kagwedwe ka mvulayo.

Ndipo pali chinthu china chimene chimakhudza makamaka madoda amene anapuma ntchito ku migodi ya Trojan, Freda Rebecca kapena Shamva. Munthu amene ankaboola mwala pansi pa nthaka shifiti yonse ankadya mitanda itatu ya nsima, thupi n'kuimeza yonse, chifukwa minofu yogwira ntchito ndiyo imamwa shuga wambiri kuposa chiwalo china chilichonse. Ntchito itatha, mitanda itatu ija inatsala, koma minofu inakhala pansi. Mimba inayamba kutsogola. Munda umene kale unkamwa chimvula chilichonse lero ukusefukira ndi mvula yomweyo, mwini wake n'kumadabwa kuti, "Inetu ndimadya monga ndakhala ndikudyera kuyambira kale."

Tiyeni tione tsiku la Khirisimasi lenilenilo m'nyumba wamba ya ku Chipadze kapena ku Chiwaridzo. M'mawa pali tiyi wamkaka wa masupuni atatu a shuga, ndi mapisi anayi a buledi onenepa bwino, opaka majarini ndi jamu. Masana mbale imabwera itatutumuka: phiri la mpunga, pambali pake makaroni, kenako mbatatesi zosakaniza ndi mayonesi kapena tchipisi, ntchafu ya nkhuku, ndi kasupuni kamodzi ka kabichi kongokongoletsera. Fanta ali pambali. Cha m'ma 4 koloko pakubwera keke, mabisiketi ndi beseni la mango. Madzulo bambo amati mpunga sagonera, ndiye mphika wa nsima umakwera pamoto. Mayi wophika amaona kuti wapereka zakudya zamitundumitundu, ndipo wachitadi zimenezo ndi chikondi. Koma m'magazi, mpunga, makaroni, mbatatesi, buledi, keke ndi nsima zonse zimafika ngati chinthu chimodzi. Pa nthaka youma ija pagwa chimvula kanayi tsiku limodzi, madzi oyamba asanaphwe.

Mwa zonsezi, chimene chimagwa mwamkokomo kwambiri ndi chakumwa. Nsima imafuna kutafuna ndi kugayika. Chakumwa chotsekemera chimangodutsa, ndipo pa mphindi zochepa shuga wake amakhala ali m'magazi. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi magalamu a shuga pafupifupi 35, amene ndi masupuni a tiyi pafupifupi 9. Palibe amene angathire masupuni 9 m'kapu ya tiyi anthu akuona, koma chitini timachimaliza osaganizako. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linalangiza kuti shuga wothira asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya cha tsiku, zomwe kwa munthu wamkulu ndi masupuni ngati 12, ndipo linati kutsikira pa 6 n'kwabwino koposa. Malangizo amenewo ndi a munthu wabwinobwino, osati wodwala kale.

Mazoe, amene dzina lake ndi la chigwa chathu chomwechi, amanyenga chifukwa ali ndi malalanje enieni ndipo timamuthira madzi. Koma madzi sachotsa shuga amene mwatsanulira kale m'tambula. Amangomubisa pa lilime. Juwisi wa zipatso zokhazokha nayenso amakweza shuga msanga, poti chotsekemera chafinyidwa, zotsalira za chipatso zimene zikanachedwetsa zatayidwa. Thobwa ndi maheu ndi ufa wophika ndi chimera, ndipo nthawi zambiri amathiramonso shuga. Kapu yaikulu ya thobwa iwerengedwe ngati chakudya, osati chotsitsira chakudya. Uchi ndi shuga wabulauni asakupusitseni, zimakweza chimodzimodzi. Kuyambira mu 2024 boma la Zimbabwe limadula msonkho pa shuga wa m'zakumwa, monga mmene South Africa inayambira mu 2018, koma msonkho sudzabwera kudzakhala pa mkeka wanu. Amene akugula kireti ya zakumwa agulenso mabotolo angapo opanda shuga, kapena aike jagi ya madzi ozizira ofinyira ndimu, kuti wodwalayo nayenso akhale ndi chogwira m'manja anzake akamatsegula. Munthu akangosiya zakumwa zotsekemera zokha, wachotsa gawo lalikulu la vuto la nyengoyi.

Alimi a kuno akhala akumva za Pfumvudza kuyambira mu 2020, ndipo ku Malawi ulimi wa mtayakhasu umaphunzitsa zomwezo: phimbira nthaka ndi mapesi kapena udzu, kuti dontho la mvula lisamenye pansi mwachindunji koma litsike pang'onopang'ono. M'mbale, ntchito ya mapesi imagwiridwa ndi ndiwo zamasamba, nyemba ndi nyama. Zimachedwetsa chakudya kuchoka m'chifu, ndipo shuga amalowa m'magazi modontha. Mwayi wake, Khirisimasi imafika masamba ali mbwee. Bonongwe, luni ndi chisoso zimamera zokha m'mbali mwa minda, nkhwani wayamba kuyanga, therere likupezeka, mpiru ndi repu zili pamsika. Bowa naye watuluka, koma dyani yekhayo amene akuluakulu odziwa amuzindikira, chifukwa chaka ndi chaka nyengo ya dzinja bowa wakupha amapweteka mabanja.

Kagawidwe kake n'kosavuta kukumbukira. Theka la mbale likhale masamba. Theka linalo ligawike pawiri: mbali imodzi nkhuku, nsomba, mazira kapena nyemba, mbali inayo chokhutitsa chimodzi chokha, chachikulu ngati nkhonya ya mwini mbaleyo. Ngati ndi mpunga, makaroni adikire mawa. Ngati mtima uli pa keke, mpungawo uchepe, ndipo kekeyo adyedwe kapisi kakang'ono atangomaliza chakudya, osati payekha m'mimba muli njala. Yambani ndi masamba ndi nyama, chokhutitsacho chibwere pambuyo. Ndikudziwa kuti zimenezi zikutembenuza mwambo wathu, umene umati nsima ndiye chakudya ndipo ndiwo n'zongosunsira. Koma nkhwani wotendera bwino ndi nsinjiro, kapena luni wa chiponde, si chilango kwa munthu aliyense amene anakulira pa dzanja la agogo a ku Dedza kapena ku Mangochi.

Ufa wa mgaiwa umaposa woyera chifukwa gaga ndi mtima wa chimanga zimakhala zikadali momwemo. Nsima ya mapira, mawere kapena mchewere ndi yabwinonso, ndipo yatchuka kwambiri pakati pa odwala shuga. Koma ndamvapo anthu akuiyesa mankhwala, n'kumadya mitanda itatu mtima uli m'malo. Imeneyo ikadali mvula, yangochepako liwiro. Bango limodzi laling'ono, kapena masuku ochepa, atatha kudya, palibe vuto. Kukhala pansi pa mtengo ndi beseni ndiye kolakwika. Nyama yowotcha siikweza shuga kwenikweni, koma mafuta ake, mchere, masoseji ndi poloni zimalemetsa mtima ndi kukweza BP, ndipo odwala shuga ambiri amakhala ali kale ndi vuto limenelo.

Mlimi akaona nthaka yachita chikhakha amaipalira kuti imwe madzi. Kuyenda kumachita zomwezo: minofu ikamagwira ntchito imakoka shuga m'magazi ngakhale insulini ikhale yofooka. Mphindi 10 kapena 15 mutangotha kudya zimathandiza moonekeratu pa kachipangizo koyezera. Ife tili kale ndi mwambo wake, wa kuperekeza alendo. Perekezani mpaka pasiteji, osangolekezera pageti. Kuvina nakonso n'kuyenda. Koma mapazi asamalidwe: amene ali ndi dzanzi kumapazi samva nsapato yatsopano ikamamudya, ndipo thuza laling'ono la pa Khirisimasi likhoza kusanduka chilonda chosapola. Asayende chosavala, ndipo madzulo ayang'ane mapazi ake, pansi ndi pakati pa zala.

Tsopano mbali imene anthu saikamba mokwanira, ngakhale ndi imene ingaphe munthu usiku umodzi: ng'amba. Munda umafa ndi madzi ochuluka, umafanso ndi kusowa madzi. Wina amamwa mapiritsi ake a glibenclamide kapena kudzibaya insulini m'mawa, kenako n'kudumpha kadzutsa kuti asunge malo a phwando. Phwandolo, monga mwa masiku onse, limachedwa. Nkhuku imapsa 3 koloko. Pakatipo mankhwala akugwirabe ntchito, shuga akutsika. Akafika pansi pa 4 munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta lozizira, mtima umagunda, amapsa mtima popanda chifukwa, amalankhula zosalongosoka, kenako akhoza kukomoka. Mapiritsi a metformin paokha sachita zimenezi kawirikawiri, koma insulini ndi glibenclamide zimachita. Choncho kadzutsa asadumphidwe, ndipo chakudya chikachedwa wodwalayo apatsidwe kanthu kogwiriza pa nthawi yake yodyera.

Mowa umaonjezera ngoziyi. Chiwindi ndi damu la thupi: chimasunga shuga n'kumamutulutsa pang'onopang'ono munthu akakhala kuti sanadye kapena ali mtulo. Mowa ukalowa, chiwindi chimatanganidwa ndi kuuchotsa, ndipo chitseko cha damulo chimatsekeka. Chibuku ndi masese zimayamba zakweza shuga chifukwa cha ufa wake, kenako patapita maola, mwina pakati pa usiku, shuga amagwa. Choopsa n'chakuti munthu wotsika shuga amaoneka ngati woledzera, ndipo akamanunkha mowa anzake amangoti, "Musiyeni agone, wakhuta." Ena sadzukanso. Amene dokotala sanamuletse ndipo wasankha kumwa, amwe pang'ono, ali ndi chakudya m'mimba, adyenso kanthu asanagone, ndipo pagululo pakhale munthu mmodzi wodziwa za matenda ake. Kachasu ndi timabotolo totchipa tosadziwika kochokera asatiyandikire n'komwe.

Apa pokha ndi pamene chakumwa chotsekemera chimakhala chothandiza. Munthu akayamba zizindikiro zija koma akutha kumeza, mpatseni theka la tambula ya Fanta kapena Coke wamba, kapena masupuni a tiyi atatu kapena anayi a shuga osungunula m'madzi. Dikirani mphindi 15. Ngati sizikusintha, bwerezani. Akatsitsimuka adye chakudya chenicheni. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali ndipo thamangani naye ku Bindura Provincial Hospital kapena kuchipatala chilichonse chapafupi.

Komabe chimene chimagonjetsa odwala ambiri si umbuli ayi. Ambiri amadziwa bwino zoyenera kudya. Chimawagonjetsa ndi ulemu. Mtengwa wagwada ndi mbale yodzaza, n'kunena kuti, "Apongozi, mwadya pang'ono bwanji? Kodi sizinakome?" Mphwake wafika kuchokera ku Joni, watsegula kale botolo: "Malume, lero lokha. Khirisimasi imabwera kamodzi pachaka." Ndipo tsikulo munthu amayenda makomo anayi, khomo lililonse likunena kuti lero lokha. Tinaleredwa kuti kukana chakudya cha mwini ndi mwano, mwinanso kumuganizira zoipa. Choncho udindo waukulu uli kwa olandira alendo. Mlendo akanena kuti, "Zikomo mwanawe, zakoma kwambiri, koma shuga wangayu sandilola kuonjezera," yankho la ulemu ndi kumukulungira kachidutswa koti akadye mawa, osati kumuumiriza. Makolo ankati chimachepa n'chovala, chakudya sichichepa. Kapisi kakang'ono ka keke kolandira ndi manja awiri kakwaniritsa kale mwambo.

Ndipo ndi bwino kuphikira nyumba yonse mofanana, mbale zikuluzikulu za masamba zili pakati, aliyense n'kumadzigawira yekha. Wodwala sachita manyazi, komanso ana ake amapindula, poti matenda a shuga a mtundu wachiwiri amayenda m'magazi a pabanja. Bungwe la International Diabetes Federation linawerengera mu 2021 kuti mu Africa muli akuluakulu pafupifupi 24 miliyoni odwala shuga, ndipo oposa theka la iwo sadziwa kuti akudwala. Pa mkeka wa anthu ambiri, si agogo okha amene nthaka yawo yayamba kuuma.

Mankhwala akatengedwe Disembala asanafike pakati, makiliniki asanayambe kutseka pa maholide ndiponso ndalama isanathere ku zogula. Amene akupita kumudzi ku Malawi kudzera pa Nyamapanda ndi ku Tete atenge okwanira ulendo wonse ndi masiku ena oonjezera, pamodzi ndi khadi la kuchipatala, kamba wa panjira ndi maswiti angapo m'thumba, chifukwa basi ikhoza kuima maola ambiri pachipata. Insulini imawonongeka ndi kutentha, ndiye ikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'buti kapena pawindo. Siifunanso kuundana. Magetsi akathima kwa nthawi yaitali, kabotoloko kaikidwe m'kachitini kotseka bwino, n'kukakwirira mu mchenga wonyowa mu mtsuko wadothi pamthunzi. Musawirikize mapiritsi pofuna kulipirira phwando, ndipo musawasiye pofuna kumwa mowa. Munthu akayamba kusanza mosalekeza, kupuma mwaphuma, kuwodzera kosadzutsika kapena ludzu losatha, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale likhale la 25.

Amene ali ndi kachipangizo koyezera ndi timapepala take tokwanira, ayeze asanadye chakudya chachikulu, ayezenso pakatha maola awiri, n'kulemba manambala onse awiri m'kope pamodzi ndi zimene anadya. Matupi amasiyana: wina mpunga umamukweza kwambiri kuposa nsima, wina ndi buledi. Kopelo apite nalo kwa namwino pa tsiku lake la kiliniki mu Januwale, kuti ngati mlingo wa mankhwala ukufunika kusintha, asinthe ndi amene anaphunzira ntchitoyo.